Za Umoyo M'banja: Chiwindi, Shuga ndi Mafuta a M'magazi



Ambirife adokotala akatiuza kuti chiwindi sichili bwino, timafulumira kuyankha kuti, "Koma adokotala, ine mowa sindinaulawepo chibadwire." N'zoona ndithu. Komatu chiwindi chili ndi adani ena, ndipo ena timawaika tokha pamkeka.

Tikayezetsa magazi, papepala la zotsatira pamalembedwa ALT ndi AST. Amenewa ndi ma enzyme, tinthu togwira ntchito m'kati mwa chiwindi. Chiwindi chikavulala, tinthuti timatayikira m'magazi ndipo nambala zimakwera. Mwini wake samva kupweteka, amangopita kumunda kapena kunyanja monga mwa masiku onse.

Nanga shuga akulowapo bwanji? Chiwindi ndi nkhokwe ya thupi. Tikadya nsima, mpunga kapena kondowole, chimasunga shuga wotsala n'kumamutulutsa pang'onopang'ono usiku tili mtulo. Ndicho chimapanganso mafuta a m'magazi otchedwa cholesterol. Nkhokweyi ikadzaza, shuga amasanduka mafuta amene amaunjikana m'chiwindi momwemo. Chiwindi chotere chimaleka kumvera insulin, amene ntchito yake n'kutsitsa shuga. Tsono chimangothira shuga m'magazi ngakhale alimo kale wokwanira, mafuta oipa n'kuchuluka, abwino n'kuchepa. N'chifukwa chake mavuto atatuwa amayendera limodzi. Mwa akuluakulu odwala shuga, oposa theka ali ndi mafuta m'chiwindi, ndipo chimene chimapha ambiri a iwo si chiwindicho ayi, koma mtima.

Kale madokotala ankawatcha matenda a mafuta m'chiwindi osachokera ku mowa. M'chaka cha 2023 anasintha dzinalo n'kukhala MASLD, pofuna kusonyeza kuti gwero lake ndi kunenepa, shuga ndi mafuta a m'magazi.

Tisadziweruze tokha. Nambalazi zimakweranso ndi matenda a hepatitis B, kumwa Panado mopyola muyezo ndi zitsamba zina. Choncho ALT akakwera, tiwapemphe adokotala atiyezenso hepatitis B, shuga, cholesterol ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo tisawabisire mankhwala amene tikumwa, ngakhale a kumudzi.

Chosangalatsa n'chakuti chiwindi chimabwerera mwakale tikachipeza msanga. Munthu wa makilogalamu 80 akatsitsako 6 mpaka 8, mafuta ndi kutupa zimachepa kwambiri. Tikudziwa kuti kwathu kuno mimba yaikulu imapatsa ulemu, ndipo bambo akayamba kuphwa, achibale amanong'onezana kuti mayi sakuwasamala. Amayi, musatekeseke nazo.

Tiyambire pa kapu ya tiyi: masupuni anayi a shuga atsike kufika imodzi. Zakumwa zotsekemera za m'mabotolo ndi mandasi zikhale za apo ndi apo, ngakhale pofutulu m'mwezi wa Ramadhan. Chambo ndi usipa n'zabwino, koma tiziwotcha kapena kuphika m'malo mokazinga m'mafuta ambiri. Tiziyendanso ndawala mphindi 30 patsiku, masiku asanu pamlungu. Amene ali kale pamankhwala a shuga kapena a cholesterol asawasiye, ndipo akaonane ndi adokotala asanayambe kusala.