Kodi wodutsa pa chiboo ndi wakuba?

Mwezi wathawu ndinapita kwathu kufupi ndi doko la Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, kukazonda mlongo wanga. Ndinapeza mwana wake wamwamuna, amene amapikula matemba padokopo n'kukagulitsa mu msika wa Zomba, ali khuma pakhonde ngati wafedwa. Nditafunsa chomwe chagwa, mayi wake anati, "Mufunseni mwini wakeyo, achimwene, ine za m'mafonizi sindizitsata. Akuti amuthamangitsa mu mpira."

Nkhani yake ili motere. Kwa zaka zitatu mnyamatayu wakhala akusewera mpira wa pa foni, kulimbana ndi anthu amene sanawaonepo nkhope, ena a ku Lusaka, ena a ku Johannesburg, ena kutsidya kwa nyanja zamchere. Timu yake anaimanga pang'onopang'ono, ndipo osewera ena anachita kuwagula ndi phindu la matemba. Aliyense wodziwa ku Chilwa akudziwa kuti netiweki kumeneko imabwera ndi kupita ngati mphepo. Tsiku lina akugonja ndi zigoli ziwiri netiweki inathawa, ndipo itabwerera anapeza gemu yalemba kuti wothawa ndi mnzakeyo, wopambana ndi iye. Mawa lake anayesa dala, kuzimitsa intaneti pa nthawi yomweyo ya masewera, ndipo zinachitikanso. Kwa miyezi iwiri sanagonjenso. Kenaka m'mawa wina kunabwera uthenga wa mizere iwiri m'Chingerezi, wakuti akaunti yake yatsekedwa mpaka kalekale.

"Amalume, ine ndaba chiyani?" anandifunsa. "Gemu anapanga okha, chiboo anasiya okha. Ine ndangodutsapo."

Funso limeneli si lachibwana monga akuganizira ena a msinkhu wanga. Masiku ano achinyamata ambiri m'matauni ndi m'midzi momwe ali ndi chuma chimene sichigwirika ndi manja, chokhala mu makompyuta a kampani ya kunja, ndipo chingathe kuchotsedwa usiku umodzi popanda munthu wokhala nawe pansi. Choncho ndi bwino tilione mofatsa.

Ndiyambe ndi mbali imene mwana wa mlongo wangayu sanakonde kuimva. Anthu a ku Chilwa malamulo a mtundu umenewu sawaphunzira ku sukulu. Nyanjayi inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anagona pa matope pa Kachulu pomwepa. Itauma mu 1995 ndi pamene makomiti a m'madoko anayamba kugwira ntchito mwamphamvu, ndipo lamulo la za usodzi la mu 1997 linapatsa anthu a m'midzi mbali pa kasamalidwe ka nsomba. Chaka ndi chaka, kuyambira mu Disembala, makoka amaletsedwa kuti matemba ndi makumba aswane. Tsono tiyerekeze kuti msodzi wina wasoka maneti a udzudzu, wakoka nawo usiku mkatikati mwa mabango, ndipo atagwidwa akuti, "Lamulo likunena khoka, ichi si khoka." Ndani padoko angamumvere? Aliyense akudziwa chimene lamulo likufuna, ngakhale mawu ake atasiya mpata. Ndipo wopwetekeka si boma ayi, koma msodzi mnzake amene anapachika khoka lake miyezi yonseyo, ana akudya nsima ya masamba.

N'chimodzimodzi mu gemu. Zigoli zimene mnyamata wathuyu anafufuta sizinali za kampani. Zinali za mwana wa munthu wina amene anagula bandulo yake movutikira, anasewera bwino, n'kulembedwa kuti wathawa. Ndinamufunsa funso limodzi lokha: kodi anzako amene umasewera nawo pa golosale paja unawauza za njira yakoyi? Anati ayi. Ndinati chifukwa? Anangoweramitsa mutu. Kwa ine yankho lili pamenepo. Luso munthu amalionetsa pagulu, amachita kuitana anzake kuti adzaone. Chimene ukuchita utatembenukira kukhoma, mtima wako unakuuza kale dzina lake.

Kunja kwachitika zofanana, pa ndalama zambiri. Mu gemu yowomberana yotchedwa Counter-Strike, ya kampani ya Valve, munali chilema chimene chinkalola kochi wa timu kuona malo amene adani akudutsa, zomwe samayenera kuona. Chilemachi chinakhalamo zaka zingapo. Mu Sepitembala 2020 bungwe loona za chilungamo pa masewerawa, la ESIC, linaletsa makochi 37 pa tsiku limodzi. Koma taonani momwe anachitira. Anayamba aona zojambulidwa za masewera akale mmodzimmodzi, anawerenga kuti aliyense anachita kangati, ndipo zilango zinasiyana, kuyambira miyezi yosakwana inayi mpaka zaka zitatu. Amene anavomera okha kulakwa kwawo anawachepetsera. Munthu ungatsutsane ndi chilango cha uje kapena uje, koma sunganene kuti sanayese mlandu pa sikelo.

Nkhani imene imandivuta kwambiri ndi ya mu Febuluwale 2010, mu gemu ya World of Warcraft. Gulu lotchuka la ku Ulaya lotchedwa Ensidia linakhala loyamba kupha mdani wamkulu wa gemuyo pa nkhondo ya anthu 25. Pa nkhondoyo m'mphepete mwa bwalo mumayenera kugumuka kuti zinthu zivute, koma mabomba ena amene wosewera wawo ankaponya ankachititsa kuti pogumukapo pabwererenso. Iwo anati mabombawo ankawagwiritsa ntchito masiku onse, ndipo cholakwa n'cha amene anapanga gemu osaiyesa mokwanira. Kampani ya Blizzard inati anaona zimene zikuchitika koma anapitiriza. Anawalanda ulemu wa kupambanako ndi mphoto zake, n'kuwaimitsa maola 72. Masiku atatu, abale, kwa akatswiri odziwa gemuyo kunsi ndi kunsonga. Wa matemba wa pa Kachulu, amene sadziwa ndi dzina lomwe la chimene anachita m'Chingerezi, anam'patsa moyo wonse.

Apa ndi pamene ndikusiyana ndi makampaniwa. Kulakwa kulipo, koma woweruza ndani? Kampani ndiyo inasiya chiboo, ndiyo yadandaula, ndiyo yafufuza, ndiyo yagamula, ndipo katundu wa wolakwayo ikusunga ndi yomweyo. Akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Tinayesa kulemba kalata yodandaula pa foni yomweyo, ine ndikuthandiza Chingerezi. Yankho linabwera pasanathe mphindi zisanu, mawu ake omwe aja a poyamba, kusonyeza kuti palibe munthu anawerenga. Sanatchule tsiku, sanatchule masewera amene analakwitsa, anangoloza ku chikalata cha malamulo chotalika ngati msewu wa ku Mulanje, chimene mnyamatayo anadina kuti wavomera zaka zitatu zapitazo osawerenga, monga tichitira tonsefe. Nanga osewera amene anagula ndi ndalama zake asanadziwe n'komwe za chiboocho, iwo alakwa chiyani kuti apite nawo?

Komiti ya padoko, ndi zofooka zake zonse zimene asodzi amang'ung'udza nazo, imachita bwino kuposa pamenepa. Wogwidwa ndi khoka amakhala pansi pa mtengo, amfumu ali pomwepo, amalankhula, abale ake amamva. Amalipira chindapusa kapena kulandidwa chida chimene walakwira nacho. Sindinamvepo kuti munthu amulanda ndi njinga yomwe, ndi mbuzi za pakhomo, n'kumuuza kuti asadzapondenso m'madzi mpaka imfa.

Palinso china chimene chimandiwawa. Chiboo chikakomera kampani palibe amalangidwa. Mnyamata yemweyu kangapo konse anagonja masewera amene ankatsogola chifukwa makina a kampaniyo anadukiza, ndipo tsiku lina analipira ndalama koma wosewera amene anagulayo sanafike. Pamenepo amati ndi vuto la makina, pepani. Chikakomera iweyo chimasanduka umbava.

Makhoti a ku Britain, kumene nkhani zotere zafika pamaso pa majaji, apereka zigamulo ziwiri zimene zingatithandize. Mu Januwale 2018 bambo wina wa ku Lincolnshire, Andrew Green, anapata mapaundi 1.7 miliyoni pa juga ya makadi ya pa foni ya kampani ya Betfred. Kampani inakana kulipira, inati gemuyo inali ndi chilema. Bamboyo sanachite kalikonse kachilendo, anangosewera monga mwa nthawi zonse. Mu Epulo 2021 khoti lalikulu linalamula kuti alipidwe, ponena kuti mawu amene kampani inkabisalamo sanali omveka bwino ndipo sanaikidwe poyera moti kasitomala awaone. Koma katswiri wa juga wa ku America, Phil Ivey, zinamuyendera mwina. Mu 2012 anapata mapaundi 7.7 miliyoni pa nyumba ya juga ya Crockfords mu London. Iye ndi mnzake anaona kuti maluwa osindikizidwa kumsana kwa makadi sanali ofanana mbali zonse, ndipo ananyengerera wogawa makadi kuti azitembenuza makadi ena, ponamizira kuti akufuna mwayi. Makadi sanawakhudze ndi dzanja lake, ndipo iye mwini ankakhulupirira kuti ndi nzeru chabe. Mu Okutobala 2017 khoti la Supreme linagamula kuti kumeneko kunali kubera, ndipo ndalamazo sanazione.

Wina anagwera pa chiboo, wina anachikuza ndi manja. Mwana wa mlongo wanga tsiku loyamba anali Green, kuyambira tsiku lachiwiri anali Ivey. Koma onse awiriwo anaima pamaso pa jaji amene sadya nawo za kampani, ndipo zifukwa zinalembedwa kuti dziko lonse liwerenge.

Ife a Malawi nkhani ya chilango chopanda mlandu tisamaione yaying'ono. Amene tinaona masiku a lamulo lolanda katundu la mu 1966 tikukumbuka sitolo ndi nyumba zikupita ndi chikalata chimodzi, mwini wake wopanda khomo la khoti loti akagogodepo. Sindikufanizira timu ya pa foni ndi misozi ya masiku amenewo, Mulungu andikhululukire. Ndikungonena kuti n'chifukwa chake mu malamulo aakulu a dziko a mu 1994 tinaikamo gawo 43, lakuti munthu akakhudzidwa ndi chigamulo cha akuluakulu aziuzidwa zifukwa zake molemba. Chimene tinakana kuti boma lathu litichitire, bwanji tikuchilandira ndi manja awiri kuchokera kwa kampani chifukwa chakuti chabwera pa foni?

Kampani ya gemu yokhala kutsidya kwa nyanja, kunena zoona, aphungu athu sangaifikire msanga. Koma makampani a juga ndi kubetcha amene adzaza m'mafoni ndi m'misika yathu amagwira ntchito ndi chiphaso cha dziko lino, ndipo pali bungwe la MAGLA limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2022 kuti liziwayang'anira. Ine juga sindiikonda, ndaona mabanja a asodzi akugona ndi njala chifukwa cha kandege ka pa foni kaja. Komabe poti boma linailola ndipo likudya msonkho wake, lili ndi udindo. Malamulo a masewera alembedwe m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chitumbuka, mwachidule, ndipo anene poyera chimene chidzachitike makina akalakwitsa. Wotsekeredwa akaunti auzidwe tsiku ndi chimene anachita. Ndalama imene munthu anaika yekha imubwerere ngakhale atalandidwa zimene anapata mwachinyengo. Ndipo pakhale munthu wapadera, wosalipidwa ndi kampaniyo, womva madandaulo. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission nalonso lisaone ngati wogula wa pa foni si wogula.

Mnyamata uja ndinamuuza maganizo anga tikudya nsima ya mlamba madzulo a tsikulo. Ndinati ukanakhala mlandu wa pabwalo ine ndikanagamula kuti zipambano zonse za miyezi iwiriyo zifufutidwe, ukhale panja mwezi wathunthu, koma timu yako ikubwerere. Iye anati mwezi wachuluka. Mayi wake anati wachepa, bola chaka, mwina angakonze denga la khitchini mvula isanagwe.

Sabata yatha wandiimbira foni. Akuti chiboo chija achitseka tsopano, koma anthu amene analembedwa kuti anathawa masewera palibe wawabwezera mapointi awo. Iye wayambanso ndi timu ya osewera opanda mayina, ndipo wagonja kale kasanu.