Mwana wa ku Chigwa cha Shire akayamba mofooka ku sekondale, kodi za udokotala zathera pomwepo?

Ku Chikwawa ndi ku Nsanje makolo ambiri amataya mtima msanga. Mwana akabwera ndi lipoti la Fomu 1 losonyeza kuti masamu ndi sayansi zamukanika, kapena akakhoza JCE movutikira, nkhani ya udokotala ndi uinjiniya imazima pakhomopo. Amalume amayamba kunena kuti mwanayu ndi wouma mutu, bola akaphunzire ntchito yamanja kapena akayese mwayi m'minda ya nzimbe ku Nchalo. Aphunzitsi nawo sagwirizana. Ena amalimbitsa ana mtima kuti zakale zapita, chachikulu ndi Fomu 4. Ena amati kulonjeza KUHeS kapena MUBAS kwa mwana amene wayamba chotere n'kumunamiza. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo, koma zimakangana pa chinthu cholakwika: chimene chimatsekera mwana wa kuchigwa khomo si magiredi ofooka a poyamba, koma zimene akuluakulu amamusankhira ataona magirediwo.

Tiyambe ndi zimene zimawerengedwa. Bungwe la National Council for Higher Education (NCHE), lomwe limayendetsa ntchito yosankhira ophunzira ku UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MZUNI ndi MUST, limayang'ana zotsatira za MSCE. Lipoti la Fomu 1 silifika kumeneko. JCE, yomwe boma lidaichotsa kwa zaka zingapo n'kuibwezeretsa mu 2021, ilibe gawo pa kusankhaku, ndipo za Sitandade 8 palibe amazifunsa. Chofunika ndi makirediti 6, limodzi mwa iwo likhale la Chingerezi. Pa MSCE giredi 1 ndi 2 ndi distinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 n'kungokhoza, 9 n'kulakwa, ndipo mapointi amachokera pa maphunziro 6 amene mwana wakhoza bwino kwambiri. Mwana amene ankakhala kumapeto kwa kalasi ali Fomu 1 koma n'kupeza mapointi 10 ku Fomu 4 amaima mzere umodzi ndi mnzake amene wakhala nambala wani kuyambira ku Sitandade 1. M'mayiko ena, monga ku America, mayunivesite amayang'ana magiredi a zaka zonse za sekondale, moti chaka chimodzi choipa chimamutsatira mwana mpaka kumapeto. Kwathu kuno dongosololi limakhululuka, ndipo pamenepa aphunzitsi olimbitsa mtima aja akunena zoona.

Ali ndi mfundo inanso yamphamvu: kuchigwa kuno lipoti loipa kawirikawiri limayeza chaka, osati nzeru za mwana. Amene anali Fomu 1 mu 2022 adakumana ndi namondwe Ana mu Januwale ndi Gombe mu Malichi chaka chomwecho, ndipo Freddy adamupeza mu Malichi 2023 asanalembe JCE. Akulu ake adaona madzi osefukira a 2015, a 2019, ndi kutsekedwa kwa sukulu chifukwa cha Covid-19 mu 2020. Shire ndi Ruo zikasefukira, sukulu ndiyo imasanduka msasa: madesiki amaunjikidwa panja, m'kalasi mumayalidwa mphasa, mapoto ndi mitolo ya zovala zili pansi pa bolodi, ndipo makope amene adanyowa amayanikidwa padzuwa masamba atamatirirana. Ku East Bank, madera ngati Makhanga amatha masabata osafikika pa msewu. Onjezerani chilankhulo. Mwana wolankhula Chisena pakhomo amayamba sukulu m'Chichewa, n'kudzapeza kuti kuyambira Sitandade 5 zonse zili m'Chingerezi. Woteroyo akalakwa Biology ku Fomu 1, ndani angalumbire kuti chamukanika ndi sayansi osati Chingerezi cha m'funsolo? Kugamula tsogolo la mwana pa lipoti lotere n'kupupuluma.

Komabe amene amakayika sakulankhula za m'maluwa. Magiredi a poyamba salowa pa khomo la NCHE, koma amazembera kuseri, ndipo njira yoyamba ndi mayeso a Sitandade 8. Ndi amene amagawa ana: ochepa kwambiri kupita ku sukulu za nashonolo ngati Blantyre Secondary, ena ku sekondale za boma monga Chikwawa, Ngabu, Bangula ndi Nsanje, ndipo unyinji ku sukulu zoyendera za CDSS. Sukulu zoyenderazi zidabadwa kuchokera ku malo a maphunziro apatali a ma DEC kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pamene maphunziro aulere a pulayimale a 1994 adachulukitsa ofuna malo, ndipo zambiri zidayamba zopanda labu, zopanda laibulale, ndi aphunzitsi osakwanira a masayansi. Kusukulu yopanda labu Chemistry amaphunzitsira pa bolodi. Mphunzitsi amajambula chubu ndi choko, n'kuuza ana kuti madzi asintha mtundu pano, iwo n'kulemba m'kope. Mwana woteroyo amatha kudzagwira zipangizo zenizeni pamene mayeso a pulakitiko ayandikira, manja akunjenjemera, pamene amene akupikisana naye wakhala akuzigwira kuyambira Fomu 1. Mayeso a MANEB ndi amodzi dziko lonse, ndipo pepala silifunsa ngati sukulu yako ili ndi madzi a pampopi.

Njira yachiwiri ndiyo yoopsa kwambiri, chifukwa imachitika mwakachetechete ndipo imaoneka ngati chifundo. Polowa Fomu 3 ana amasankha, kapena amasankhiridwa, maphunziro oti adzalembe. Amene adafooka masamu ku Fomu 2 amalangizidwa kuti asiye Physics ndi Chemistry, atenge zimene angakhoze mosavuta, mapointi adzatsike. Sukulu nayo imapindula, poti chiwerengero cha okhoza chimakwera. Koma maphunziro opikisaniridwa kwambiri sayang'ana mapointi okha. Amayang'ana magiredi a maphunziro ogwirizana ndi ntchitoyo. Udokotala umafuna Biology, Chemistry, Physics ndi masamu. Uinjiniya umafuna masamu ndi masayansi olimba. Tayerekezani mtsikana amene wapeza 1 pa Chichewa, 2 pa Agriculture, 2 pa Bible Knowledge, 2 pa History, 3 pa Geography ndi 4 pa Chingerezi. Amenewo ndi mapointi 14, ndipo kumudzi nthungululu zimveka. Koma ngati Chemistry sadalembe n'komwe, ku udokotala dzina lake silingaganiziridwe, ngakhale akadapeza mapointi 6. Khomo lidatsekedwa zaka ziwiri m'mbuyomo, tsiku limene wina adaona lipoti la Fomu 2 n'kumuuza kuti sayansi si yake. Mwana amene watsala ndi masayansi ake, ngakhale akuvutika nawo, mwayi akadali nawo. Amene wawasiya alibiretu.

Wina anganene kuti kukakamiza mwana wofooka kutenga Physics n'kumuponya m'dzenje, chifukwa masamu ndi sayansi zimamangidwa pa maziko, ndipo amene sadamvetse za ku Fomu 1 adzalakwa ku Fomu 4, n'kutaya zonse, ngakhale malo a uphunzitsi amene akadawapeza. Mfundoyi ndi yolemera ndipo siyofunika kuinyoza. Alipo ana amene mtima wawo uli ku zilankhulo, mbiri kapena zamalonda, ndipo si aliyense ayenera kukhala dokotala. Koma yankho la maziko ofooka n'kubwerera kukawakonza teremu yoyamba ya Fomu 3, osati kugwetsa nyumba yonse. Komanso popeza mapointi amatengedwa pa maphunziro 6 okhozedwa bwino, mwana amene walemba maphunziro 8 kapena 9 sawonongeka chifukwa Physics yabwera ndi 7. Chimene amataya ndi nthawi yowerengera, ndipo mtengo umenewo ndi wochepa pouyerekeza ndi kudzitsekera yekha ntchito zonse za sayansi ali ndi zaka 15 kapena 16.

Pali ena kuchigwa amene amati vuto lonseli lidakula pamene kota idathetsedwa. Ndondomekoyi, yomwe khoti lidaikana mu 1993 ndipo boma la Bingu wa Mutharika lidaibwezeretsa mu 2009, inkasungira boma lililonse malo ake, mpaka pamene idathetsedwa mu 2020. N'zoona kuti maboma otsalira pa maphunziro ankapezapo mpumulo. Koma kota inkayang'ana boma lochokera, osati sukulu imene mwana waphunzira. Mwana wa bwana wochokera ku Nsanje, wokulira ku Blantyre ndi kuphunzira sukulu yolipira yokhala ndi labu, ankatha kutenga malo a Nsanje, pamene wa ku CDSS ya ku Tengani ankatsalabe. Ndipo kota sikadapatsa aliyense giredi ya Chemistry imene sadalembe. Ngati boma likufuna kuthandiza ana ovutikadi, liyang'ane mtundu wa sukulu imene mwana wachokera, ndipo koposa apo limange malabu ndi kusunga aphunzitsi a masayansi m'maboma otenthawa, amene ambiri amapempha kuchokako akangofika.

Nanga amene Fomu 4 yamupita kale molakwika? Kubwereza kuti akonze mapointi ndi njira yodziwika, kaya kusukulu ya masana ya open kapena kulemba ngati wakunja, ndipo alipo amene zimawayendera. Koma kubwereza pamalo omwewo, ndi mabuku omwewo, popanda chosintha, kawirikawiri kumabweretsa magiredi omwewo, banja litagulitsa mbuzi. Obwereza ayenera kuwerenga bwino chilengezo cha NCHE cha chaka chimenecho, poti ndimo mumalembedwa zaka za MSCE zololedwa ndi maphunziro ofunika pa pulogalamu iliyonse, ndipo posankha asadzaze malo onse ndi maphunziro amene aliyense akuthamangira. Iliponso njira yaitali: kuyamba ndi dipuloma ku Malawi College of Health Sciences kapena ku koleji ya anamwino ya Trinity ku Muona, m'boma la Nsanje momwemo, kugwira ntchito zaka zingapo, kenako n'kupempha malo a digiri ngati wophunzira wachikulire. Si njira yopepuka. Imadya zaka ndi ndalama, ndipo sindinganene kuti imafanana ndi kusankhidwa molunjika. Koma nayonso, onani, imafuna makirediti a sayansi pa MSCE.

Kunena mosabisa, malo a udokotala ndi uinjiniya ndi ochepa kwambiri, ndipo ngakhale ana okhoza bwino a m'tauni ambiri amatsala. Mwana wa CDSS ya ku Chapananga kapena ku Ndamera amene wayamba mofooka mwayi wake ndi wochepa, ndipo kumuuza kuti khama lokha likwanira n'kumunyengerera. Koma mwayi wochepa ndi wosiyana ndi mwayi wotsekedwa, ndipo amene amautseka nthawi zambiri amakhala mu ofesi ya sukulu kapena pakhonde la kunyumba, osati ku Lilongwe. Aphunzitsi aakulu, makomiti a makolo ndi alangizi a ana ku Chikwawa ndi ku Nsanje, mwana asasiyitsidwe Physics kapena Chemistry chifukwa cha lipoti la Fomu 2 lokha, makamaka la chaka chimene kalasi yake idali msasa. Muyitaneni pamodzi ndi makolo ake, muwauze momveka ntchito zimene azitaye akasiya maphunzirowo, ndipo mumupatse teremu imodzi ya Fomu 3 kuti ayesere musanagamule.