Mlekeni mwana wamkazi anyamule zitsulo zake

Mwezi wathawu ndinaperekeza mchemwali wanga ku malo ena ku Ndirande kumene anyamata amanyamulirako zitsulo. Si malo apamwamba ayi: zitini ziwiri zothiramo simenti, paipi pakati, basi. Atangonyamula kawiri, bambo wina wodutsa anaima n'kufuula: "Iwe mtsikana, ukatuluka akatumba adzakukwatira ndani?" Anthu anafa nacho chiseko. Mchemwali wanga anatula pansi zitini zija, ndipo mpaka lero sanapondekonso.

A Malawi anzanga, tiyeni tifunsane. Mtsikana yemweyu wakhala akusenza ndowa ya malita 20 kuyambira ali ku pulayimale. Wasinja, walima, wawaza nkhuni. Ndani anadandaulapo kuti akufanana ndi mwamuna? Amayi otsika phiri la Zomba ndi mitolo ya nkhuni pamutu timawatama kuti ndi akazi olimba. Mphamvu za mkazi zimatikomera zikamatiphikira nsima, koma akati azilimbitse mwa kufuna kwake, pompo zasanduka zonyansa. Chakomera mbuzi kugunda galu.

Musaganize kuti matendawa ndi athu okha. Kunja kuli mipikisano ya akazi oonetsa minofu, ndipo waukulu, wa Ms. Olympia, unayamba mu 1980. Bev Francis wa ku Australia, amene anakhalapo katswiri wa dziko lonse ponyamula zitsulo kasanu ndi kamodzi, analowa mpikisano wina ku Las Vegas mu 1983 ali ndi minofu yoposa anzake onse. Oweruza anamuika pa nambala 8 ati sankaoneka ngati mkazi. Kumapeto kwa 2004 bungwe loyendetsa masewerowa la IFBB linalembera akazi kuti achepetse minofu yawo ndi magawo 20 pa 100 alionse. Amuna sanalandire kalata yotero. Mpikisano wa minofu, koma mkazi asapitirire muyeso umene amuna amuikira!

Ife muyeso woterewu tikuudziwa bwino. Mu 1973 boma la chipani chimodzi linakhazikitsa lamulo la kavalidwe loletsa akazi kuvala thalauza ndi siketi yoonetsa mawondo. Ine ndinabadwa lamuloli litafa kale, koma inu amene munathawira ku Lusaka ndi ku Dar es Salaam mukukumbukira dziko limene munalisiya: boma loyeza siketi, ndi amayi otengedwa pa malole kukavinira mtsogoleri. Lamulo lija linachotsedwa mu 1993, chaka chimene tinasankha matipate. Koma kodi linachoka m'mitu mwathu?

Mu Januwale 2012 mavenda ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre anavula amayi pamsewu kaamba kovala mathalauza, mpaka amayi anasonkhana ku Blantyre kudzatsutsa nkhanzazo. Mu 2021 Tabitha Chawinga anauza nyuzipepala ya The Guardian kuti ali ndi zaka 13 anamuvula pa bwalo la mpira kuti atsimikize ngati analidi mtsikana. Mlandu wake unali wotani? Kuthamanga kwambiri ndi kulimba thupi. Lero dziko lonse likunyadira zigoli zake, koma manyazi a tsiku lija anawasenza yekha.

Ena adzati nanga mankhwala okulitsa minofu aja? N'zoona, mankhwala amenewo amaononga mtima ndi chiwindi, ndipo ine sindingawaikire kumbuyo. Koma amaononga mwamuna ndi mkazi yemwe. Ngati nkhawa yathu ndi umoyo, tichenjeze onse. Bambo uja sanafunse za chiwindi cha mchemwali wanga. Anafunsa za ukwati, ngati kuti thupi la mtsikana ndi katundu wosungira mwamuna amene sanabwere n'komwe.

Ena adzati si chikhalidwe chathu. Mawu omwewa ndi amene ankatetezera lamulo la 1973. Chikhalidwe chanji chimene chimalola mkazi kusenza thumba la chimanga koma kumuletsa kunyamula chitini cha simenti?

Gawo 20 la malamulo oyendetsera dziko lino limaletsa kusala munthu chifukwa choti ndi mkazi kapena mwamuna. Demokalase si kuponya voti kokha ayi. Ngati boma linaleka kuyeza siketi, nafenso tileke kuyeza mikono ya ana athu. Wofuna kunenepa anenepe, wofuna kuchepa thupi achepe, wofuna akatumba awakulitse. Ukazi wake sapempha kwa munthu wodutsa pamsewu.

Achemwali, Loweruka likubwerali tikubwererako ku Ndirande. Ndipo inu bambo, mukadzadutsanso, mudzayese kunyamula zitini zija kaye musanatsegule pakamwa.