Ndege ayendetse a Ethiopia, koma luso litsale kuno

Munthu wa ku Bembeke kapena ku Linthipe akati akupita ku Joni, za bwalo la ndege la Kamuzu sizimubwerera n'komwe m'mutu. Amakwera basi pa boda ya Dedza, n'kudinditsa pasipoti ku Calomue, kenako Tete, Nyamapanda, Beitbridge, mpaka miyendo kutupa. Choncho nkhani ya kampani ya ndege ya dziko lino amaiona ngati ya mabwana a ku Capital Hill. Komatu ndalama zimene boma limathira m'kampaniyo ikayamba kutsimphina zimachokera pa msonkho womwe iye amadulidwa pogula malata kapena mayunitsi a foni. Ali ndi ufulu wofunsa ngati tinachita bwino kupereka chiwongolero cha Malawi Airlines m'manja mwa Ethiopian Airlines. Ine ndikuti tinachita bwino, koma ntchitoyo tinaisiyira panjira, chifukwa tinaitana mlendo kudzayendetsa osagwirizana poyera kuti ana a pakhomo adzayamba liti kugwira okha chiwongolerocho.

Tiyambe ndi kumene tachokera, poti ena amakamba za Air Malawi ngati inali nyenyezi imene anthu oipa mtima anaizimitsa dala. Kampaniyi inabadwa mu 1964 ngati nthambi ya Central African Airways, ndipo inaima payokha mu 1967. Mu 1974 inayamba kuuluka mpaka ku London pa ndege ya VC10, chinthu chimene chinatipatsa ulemu zedi, koma pofika 1979 ulendowo unali utatha chifukwa unkadya ndalama zoposa zimene unkabweretsa, ndipo ndegeyo inamalizira masiku ake itangoimikidwa pa Chileka. Zaka zotsatira zinali za ngongole ndi kupempha boma kuti liwombole. Boma linayesa kupeza bwenzi, poyamba South African Airways, kenako Comair, koma zonse zinalephereka. Kumapeto kwa 2012, mu ulamuliro wa Joyce Banda, anagamula zoithetsa, ndipo mu Febuluwale 2013 inasiya kuuluka. Mlendo sanalande kampani yamoyo ayi. Pamene a Ethiopia ankatenga masheya 49 pa 100 aliwonse mu kampani yatsopano, boma n'kutsala ndi 51, panalibe chotsala cha Air Malawi choti n'kulanda. Ndege za kampani yatsopanoyo zinayamba kuuluka pa 31 Januwale 2014.

Chifukwa chimene kampani ya ndege ziwiri kapena zitatu imavutikira payokha si ufiti. Ndege imodzi ikalowa m'galaja, theka la maulendo limaima, okwera amagonekedwa ku hotela pa bilu ya kampani, ndipo mawa lake amakagula tikiti kwina. Zipangizo zosinthira, inshuwalansi, lendi ya ndege ndi maphunziro a oyendetsa zimalipidwa m'madola, pamene matikiti ambiri amagulidwa m'makwacha, kwacha yomwe mu Novembala 2023 inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Kampani yokhala ndi ndege zoposa 100, galaja yake ndi sukulu yake ya oyendetsa ndege ku Addis Ababa imagula zonsezi motchipa, ndipo ndege ina ikadwala imatumiza inzake. Ngakhale South African Airways, ya dziko lolemera kutiposa kutalitali, inagwada mu Disembala 2019 mpaka kuikidwa m'manja mwa oipulumutsa. Zambia, imene kampani yake inatha mu 1994, inadikira mpaka 2021 kuti iyambirenso, ndipo nayonso inagogoda pa khomo lomwelo la a Ethiopia, n'kuwapatsa masheya 45 pa 100.

Otsutsa ali ndi mfundo, ndipo si zonse zoti n'kuzinyoza. Amati mlendo amayang'ana kwawo: chimene Ethiopian Airlines imafuna ndi kutolera okwera m'mayiko ang'onoang'ono n'kuwathira mu ndege zake zikuluzikulu ku Addis Ababa, kotero sidzalola kuti kampani ya ku Lilongwe ikule mpaka kupikisana nayo. Izi n'zoona, ndipo palibe chodabwitsa, chifukwa iwo anabwera kudzachita bizinesi, osati zachifundo. Koma maulendo amene Amalawi amawafuna tsiku ndi tsiku ndi a ku Johannesburg, Lusaka, Harare, Dar es Salaam ndi Nairobi, kumene kuli abale athu, zipatala, masukulu ndi malonda, ndipo amenewa ndi omwe kampaniyi imayenda. Za London tinaziyesa kale, tinaona mapeto ake. Amatinso ubwenzi ndi a Ethiopia si chitsimikizo cha phindu. N'zoonanso: mu 2021, Covid-19 itaimitsa maulendo, zinamveka kuti Malawi Airlines yamira m'ngongole moti kunali maganizo oitseka, ndipo eni masheya anachita kuithiranso ndalama. Ethiopian Mozambique Airlines inasiya kuuluka chaka chomwecho, ndipo Tchadia Airlines ya ku Chad, imenenso inali pa ubwenzi ndi a Ethiopia, inathetsedwa mu 2022. Mfundo imeneyi, komabe, ikutiuza kuti tizikhala maso pa mgwirizanowu. Sikutiuza kuti tikanachita bwino tokha, poti tokha tinayesa kwa zaka zoposa 40.

Phunziro lalikulu lili m'mbiri ya a Ethiopia eni akewo, ndipo n'zachisoni kuti silitchulidwa kawirikawiri. Ethiopian Airlines inakhazikitsidwa mu 1945 mothandizidwa ndi kampani ya ku America ya TWA, imene inabweretsa mabwana, oyendetsa ndege ndi amakaniko. Umwini wonse unali wa boma la Ethiopia, koma chiwongolero chinali cha alendo. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo anaika mtima pa kuphunzira. Mu 1957 Alemayehu Abebe anakhala kaputeni woyamba wa ku Ethiopia, mu 1971 Semret Medhane anakhala mkulu woyamba wa kampaniyo wochokera m'dzikolo, ndipo mu 1975 mgwirizano ndi TWA unatha. Zinatenga zaka 30, koma tsiku linafika loti mlendo atsanzike, luso n'kutsala. Ife tadutsa zaka khumi tili mu ubwenziwu. Kodi ndi Amalawi angati amene lero ndi makaputeni, mainjiniya ndi akuluakulu owona za ndalama ndi malonda m'kampaniyi, ndipo chiwerengero chimene tikufuna pofika chaka chakuti ndi chiti? Ngati yankho lilipo, lisakhale m'kabati ya unduna. Chimodzimodzinso masheya 31 pa 100 amene pachiyambi zinanenedwa kuti adzagulitsidwa kwa Amalawi, boma n'kutsala ndi 20: anthu ayenera kuuzidwa pamene nkhaniyo ili.

Palinso mbali imene sitingaikankhire kwa mlendo aliyense. Mu Januwale 2019 South African Airways inaimitsa maulendo a ku Blantyre chifukwa cha zofooka pa chitetezo cha bwalo la Chileka, monga mpanda ndi galimoto zozimitsa moto. Umenewo sunali mlandu wa Addis Ababa. Ndipo mlendo wodzaona malo akatera pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, chimene chimamufikitsa ku zojambula za m'mapanga a Chongoni, zimene UNESCO inazilemba m'kaundula wake mu 2006, kapena ku KuNgoni ku Mua, kapena kukagula makapu ku Dedza Pottery, ndi msewu wabwino ndi malo ogona, osati mbendera yojambulidwa pa mchira wa ndege. Apa ndi pamene mlimi wa mbatatesi ndi kabichi wa m'mapiri muno amapindulira ndi ndege imene sadzaikwera: mahotela akadzaza, mbewu zake zimapeza msika.

Choncho amene akuti tithamangitse a Ethiopia n'kudzutsa Air Malawi akutiitanira ku ngongole ina, ndipo amene akuti zonse zili bwino poti ndege zikuuluka akugona. Aphungu athu, kuyambira a m'boma la Dedza lino, apemphe kuti malipoti a chuma a Malawi Airlines azifika ku Nyumba ya Malamulo chaka chilichonse, pamodzi ndi ndondomeko yolembedwa yophunzitsira Amalawi, yokhala ndi manambala ndi zaka zake. Boma ndi limene lili ndi masheya 51 pa 100, ndiye lisachite manyazi kufunsa.