Jekeseni ya batala pa nkhukundembo si zachibwana

Aphunzitsi anzanga munaseka nditakuuzani kuti nkhukundembo ya pa Khirisimasi ndinaibaya jekeseni ya batala. Wina mpaka anati ndi zachizungu zopanda pake. Zoti nzochokera ku America sindikukana, kumeneko amatero pa Thanksgiving mu Novembala, makamaka ku Louisiana. Koma zopanda pake? Ayi ndithu.

Vuto la mbalameyi ndi chidale. Chilibe mafuta ambiri, ndipo chimapsa msanga kuposa ntchafu. Ukamadikira ntchafu, chidale chimauma gwa! Zinandionekerapo chaka china, apongozi akumezera madzi nyama yomwe ndinagula ndi ndalama zowawa. Batala ndinapaka wambiri, koma wopaka pamwamba amathera pakhungu, salowa mumnofu.

Ndiye ndimasungunula batala, kuthiramo mchere, adyo ndi tsabola, kenako kusefa kuti singano isatsekeke. Ndimabaya malo angapo pachidale, kukankha pang'onopang'ono uku ndikuzula singanoyo. Ikhale jekeseni yakukhitchini ya singano yaikulu, osati yakuchipatala chonde.

Pamene ndikugwirizana ndi otsutsa ndi apa: singano imatha kulowetsa mkati tizilombo ta pakhungu monga Salmonella. Ana anga a Fomu 4 akale, izi munalemba pamayeso. Choncho nyamayo ifike madigiri 74 pakatikati penipeni, ndipo muyeze ndi thermometer, osangoyang'ana khungu. Ikangofika pamenepo itulutseni mu uvuni, chifukwa mukapitiriza imauma ngakhale munaibaya batala.