Ukwati wa m'nkhalango: chepetsani alendo, ankhoswe musawasiye

Ana athu a mu Lusaka ayamba kuopa tsiku la ukwati. Banja akulifuna, koma akaganiza za mwambo wake mtima umawagunda. Mnyamata wa ku Chelstone akangonena kuti wapeza mbeta, mawa lake komiti yakhala pansi, gulu la WhatsApp latsegulidwa, ndipo mndandanda wa zofunika wayamba kutalika: holo, zokongoletsa, galimoto za mdipiti, keke, ojambula, zovala za operekeza, woimba nyimbo, mpaka wophunzitsa kavinidwe kolowera. Tsikulo lisanafike pali kitchen party, pali chilanga mulilo, miyambo imene kuno kutauni tinabwerekana mitundu yonse, Mchewa, Mbemba, Mtonga, osafunsanso kuti mwini wake ndani. Mwambo uliwonse uli ndi chitenje chake chokagula ku Kamwala ndi mapoto ake. Za chilimba zikatha ana amakagogoda kwa a kaloba, ndipo banja limayamba mwezi woyamba likubisala kwa eni ngongole.

N'chifukwa chake mwana akabwera n'kunena kuti, "Amalume, ife tingopita awiriwiri kunkhalango ndi wojambula mmodzi, tikalumbire pansi pa mtengo, abale adzaona zithunzi," ine sindifulumira kukalipa. Ndimamva kutopa kuli m'mawu akewo. Wazionera pa Instagram kwa anzake a ku America ndi ku Ulaya, kumene awiri amakwera phiri m'mawa n'kutsika ali banja. Ukwati waung'ono ndikuuvomereza ndi mtima wonse. Mu 2020, matenda a Covid-19 atafika, boma linalamula kuti pa ukwati ndi pamaliro pasapitirire anthu 50. Ambiri anakwatirana chaka chimenecho popanda holo yodzaza, ndipo lero ali ndi ana akupita kusukulu. Palibe amene anganene kuti maukwati awo ndi operewera.

Koma kuchepetsa alendo ndi nkhani ina, kuthawitsana ndi nkhani inanso. Apa m'pamene ndikufuna tikhale pansi, ana anga.

Mumati, "Banja ndi awiri, wachitatu ndi kapasule." Mawuwo ndi oona pa za m'chipinda ndi pa miseche ya anzanu a kuntchito. Makolo amene anawanena ndi omwewonso anaika ankhoswe, ndipo sanadzitsutse. Nkhoswe saitanidwa kuti adzadye keke. Ntchito yake imayamba alendo atamwazikana. Ndiye amene mkazi amamuimbira foni usiku mwamuna atatseka chitseko mokwiya. Ndiye amakwera basi kuchokera ku Kabwata kupita ku Woodlands Loweruka m'mawa, n'kukhala pampando osavula jekete, n'kumvetsera mbali zonse ziwiri mpaka tiyi kuzizira, kenako n'kunena mawu ochepa amene mayi wobereka sangathe kunena chifukwa magazi amamukokera kwa mwana wake. Mwana akadwala, ankhoswe amadziwitsana. Maliro akagwa, ndiwo amanyamula uthenga kupita nawo kuchimuna kapena kuchikazi. Kwa Achewa, mwini mbumba ndi malume, ndipo ukwati umene malume sanaumve sunalowe m'mudzi. Ku Malawi mpaka lero pa chinkhoswe ankhoswe amasinthana tambala ndi msoti anthu akuona, kuti mawa wina asadzati sindikudziwa.

Ndinakhalapo pa maliro ena m'dera lina la mzinda uno. Mnyamata anamwalira pangozi ya pamsewu, ndipo abale ake atafika kuchokera kum'mawa anapeza mtsikana atakhala pamphasa pafupi ndi khomo la kuchipinda, atafunda chitenje kumutu, khanda lili pamiyendo. Azakhali a malemu anamuyang'ana, n'kutembenukira kwa ife n'kufunsa chapansipansi kuti, "Kodi awa ndi ayani?" Mtsikanayo anatulutsa foni, manja akunjenjemera, n'kuonetsa zithunzi: iye mu diresi loyera, malemu mu suti, kumbuyo kuli mitengo. Zithunzi zinali zokongola ndithu. Koma panalibe chikalata cha boma, panalibe nkhoswe, ndipo kwawo kwa mtsikana kunalibe amene analandirapo kanthu kuchokera kuchimuna. Azakhali aja sanali anthu oipa. Anangosowa poyambira. Amene tinavutika kulumikiza mabanja awiri osadziwana, mtembo uli kumotchale, tinali ife akuluakulu. Paja nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu.

Lamulo la chuma cha masiye la mu 1989 limati munthu akamwalira osasiya wilo, mkazi kapena mwamuna wotsala amalandira magawo 20 pa 100 alionse, ana 50, makolo 20, ndipo ena amene ankadalira malemu 10. Koma kuti ulandire gawo la mkazi uyenera kuyamba waonetsa kuti unali mkazi. Ku Malawi lamulo la maukwati la mu 2015 limalola khoti kuzindikira anthu amene akhalira limodzi nthawi yaitali ngati banja. Kuno ku Zambia musadalire zimenezo. Makhoti athu amafuna ukwati wa ku boma kapena wamwambo umene mabanja onse awiri anauvomereza. Ngakhale Angelezi amene ankathawira ku Gretna Green ku Scotland, lamulo la kwawo litayamba kufuna chilolezo cha makolo mu 1754, sankalumbira okhaokha. Ankaima pamaso pa mboni ziwiri.

Choncho ulendo wa kunkhalango uyambire pakhomo pa malume, upitirire ku Civic Centre pa Independence Avenue, kumene khonsolo ya mzinda imalembetsa maukwati. Mumapereka chidziwitso, chimakhomedwa poyera masiku 21 kuti amene ali ndi chifukwa chotsutsira anene, ndipo ukwati uyenera kuchitika miyezi itatu isanathe. Amene sanakwanitse zaka 21 amafunika chilolezo cholembedwa cha kholo kapena womulera, ndipo kuyambira mu 2023 ukwati uliwonse wa mwana wosafika zaka 18, ngakhale wamwambo, ndi wosavomerezeka. Lamulo limafunanso mboni zosachepera ziwiri, ndiponso kuti mwambo uchitikire mu ofesi ya wolembetsa maukwati kapena m'nyumba yopemphereramo yovomerezeka, masana, zitseko zili zotsegula. Pansi pa mtengo si malo amene lamulo limawadziwa palokha. Mukafuna kuti kusainirana kuchitikire komweko, funsani za chilolezo chapadera nthawi ikadalipo, ndipo mufunsenso ngati abusa anu ali m'kaundula wa boma wa omangitsa maukwati. Njira yosavuta ndiyo kusaina ku Civic Centre kapena kutchalitchi mkati mwa sabata, kenako n'kupita kunkhalango kukalandira madalitso ndi malangizo. Mipingo inanso sikumangitsa ukwati kunja kwa tchalitchi, ndiye kambiranani ndi abusa kapena bambo mfumu musanalipire malo. Safunsa anadya phula.

Malo okhala ndi mitengo alipo pafupi. Lusaka National Park, imene inatsegulidwa mu 2015, ili kum'mwera chakum'mawa kwa mzinda, podzera msewu wa Leopards Hill, ndipo muli mbidzi ndi agwape oyenda mwaufulu. Kumeneko simungangofika ndi mipando. Pemphani chilolezo ku dipatimenti yoona za mapaki ndi nyama zakutchire, ndipo dziwani nthawi imene chipata chimatsekedwa. Ku Chilanga kuli Munda Wanga, ndipo cha ku Lilayi ndi m'mbali mwa Leopards Hill muli malo a anthu amene amabwereketsa minda yawo ya mitengo. Kulikonse kumene mwasankha, pitaniko nokha ndi miyendo yanu, pa ola lomwelo limene mukufuna kudzachita mwambo. Onani kumene dzuwa likhale, kumene galimoto ithere, ndi mtunda umene agogo adzayende kuchokera pamenepo. Funsani chimbudzi chili pati. Zimenezi pachithunzi sizioneka.

Nyengo nayo muisankhe mwanzeru. Kuyambira Novembala mpaka Malichi ndi dzinja, nkhalango imabiriwira mokongola, koma walira mvula walira matope: galimoto yaing'ono imatitimira, linthumbu limadutsa pamene mwayala mphasa, ndipo mtambo umatha kusonkhana mapemphero asanathe. Meyi ndi wabwino, mvula itasiya koma udzu usanaume. Juni ndi Julayi kumazizira, okalamba abwere ndi majuzi ndipo mwambo ukhale masana dzuwa litakwera. Ogasiti ndi mwezi wa mphepo ndi fumbi, koma chakumapeto kwake ndi mu Seputembala mitengo ya miombo imaphukira masamba ofiira ndi ofiirira asanasanduke obiriwira, ndipo kwa ine palibe wokongoletsa holo amene angafikepo pamenepo. Okutobala ndi ng'anjo. Ngati ndi mwezi umenewo basi, yambani m'mamawa ndipo madzi akumwa achuluke kuposa zakumwa zotsekemera. M'chilimwe chenjerani ndi chitedze m'mbali mwa tinjira, chifukwa mkwatibwi akangochikhudza ndi diresi, malumbiro adzawanena akudzikanda. Nsapato zazitali zidendene zitsale m'galimoto.

Moto musakoleze. Udzu wouma wa mwezi wa Seputembala umangofuna kambaliwali kamodzi kochokera pa mbaula, ndipo mphepo ikauthandiza simungauzimitse ndi nthambi. Phikani kunyumba: nkhuku yakumudzi, mpunga, nkhwani wotendera, chikanda, munkhoyo kapena thobwa m'chigubu. Anthu makumi awiri amadya bwino ndi mapoto ochepa, ndipo azakhali amene akanakhumudwa kuti komiti kulibe amapeza ntchito yowapatsa ulemu. Zokuzira mawu zisiyeni, pagulu laling'ono mawu a munthu amamveka okha. Pochoka tolani botolo lililonse ndi pepala lililonse, ndipo musadule nthambi kuti mumange chipata cha maluwa. Nkhalango za mzinda uno zatsala zochepa. Forest 27, kum'mawa kwa Lusaka kumene kumachokera mtsinje wa Chalimbana, inayamba kudulidwa zigawo mu 2017 kuti anthu amangepo nyumba, ndipo mkangano wake unafika mpaka kukhoti. Amene mukukonda mitengo mpaka kufuna kukwatirana pansi pake, muikondenso pamene ena akuigawana.

Nanga oitanidwa ndani? Makolo a mbali zonse, ankhoswe a kuchimuna ndi kuchikazi, agogo ngati thanzi likulola, alangizi amene anakhala ndi mkwatibwi, abale a bere limodzi, ndi mnzanu mmodzi kapena awiri amene mumadziwa kuti adzabwera ngakhale tsiku la mavuto. Ngati malume ali ku Katete kapena ku Chadiza, ndalama imene mukanalipira wophunzitsa kuvina itumizeni ikhale ya basi, ndipo mukawachingamire nokha ku Intercity. Amene simunawaitane musawasiye kuti adzamve pa Facebook. Apitireni kapena aimbireni foni tsiku lisanafike, muwauze mwaulemu kuti, "Tachepetsa mwambo chifukwa cha m'thumba, koma tidzabwera kudzakuonani." Ena adzadandaula, ndipo ndi ufulu wawo. Munthu amene wauzidwa amakhululuka msanga kusiyana ndi amene wadzidzimutsidwa. Chibale ndi fupa, sichiola, koma musachiyese dala.

Tsopano kwa inu anzanga, makolo ndi amalume. Ana ambiri amene amathawitsana amathawa ife. Timatchula malowolo ngati tikugulitsa nyumba ya ku Kabulonga, tikuwerengera ndi fizi ya ku yunivesite yomwe. Timaumirira alendo mazana chifukwa ifenso tinadya kwa anzathu ndipo tikuopa kunenedwa kutchalitchi. Mwana akanena kuti alibe ndalama timati akutichititsa manyazi, ndipo tsiku lomwelo amasiya kutiuza zakukhosi. Mawu a akulu amakoma akagonera, inde, koma mwana amabwerera kwa wamkulu amene anamumvetsera poyamba. Ngati tikufuna kuti ankhoswe asasiyidwe, tichepetse mtengo wa kukhala nafe. Malowolo akhoza kuperekedwa pang'onopang'ono monga mabanja ambiri amachitira, ndipo malangizo a alangizi safuna holo kapena chitenje chofanana.

Mwana wa mlongo wanu akabwera ndi nkhani ya kunkhalango, mupatseni mpando ndi madzi, mumufunse ngati makolo a mnzakeyo akudziwa, ngati chidziwitso chaperekedwa ku Civic Centre, ndiponso amene adzaime ngati nkhoswe mbali iliyonse. Zitatuzi zikayankhidwa, mufunseni tsiku, mupemphe kuti galimoto yonyamula okalamba idzafike pafupi ndi mthunzi, ndipo inu mukauze abale ena nokha kuti mwavomereza, kuti madandaulo adzafikire kwa inu osati kwa ana.