Chenjezo kwa Odwala Nyamakazi: Samalani ndi Prednisolone

Inu amene mumadzuka m'mawa zala zitauma, mfundo za manja onse awiri zitatupa, osatha kumanga batani kapena kufinya chovala, imani kaye mumve. Timapiritsi ta prednisolone timene mukugula popanda kalata ya dokotala tingakupwetekeni kuposa nyamakaziyo.

Chimene mumakondera timapiritsiti n'chodziwika. Mukamwa lero, mawa ululu wazizira, khasu mwagwira. Mphamvu imeneyi si yabodza. Mu 1948 dokotala Philip Hench wa ku Mayo Clinic ku America anapereka cortisone, mankhwala a gulu limodzi ndi prednisolone, kwa mayi amene nyamakazi inamugoneka, ndipo patapita masiku ochepa mayiyo anayamba kuyenda. Mu 1950 Hench analandira nawo mphoto ya Nobel. Koma sipanatenge nthawi kuti madokotala aone zoopsa zimene mankhwala a gulu limeneli, masiteroidi, amachita m'thupi akamwedwa kwa miyezi.

Masiteroidi monga prednisolone ndi dexamethasone sachiza nyamakazi. Matendawa amabwera chitetezo cha m'thupi mwanu chikayamba kuukira mfundo zanu zomwe. Masiteroidi amachifooketsa, ululu n'kuchepa. Koma chitetezo chofooka sichilimbananso bwino ndi matenda ena. TB imene inali phee m'mapapo imatha kudzuka. Chilonda chaching'ono chimakana kupola.

Dziyang'aneni pagalasi. Nkhope yafufuma? Mimba yakula koma miyendo ikuonda? Anansi akamati "mwanenepatu, zikuyenda," musasekerere. Kunenepa kumeneko kumayenda ndi shuga, BP yokwera ndi ng'ala m'maso.

Choopsa kwambiri sichioneka pagalasi. Mafupa amadyeka mkati ngati mtanda wa denga wolowedwa chiswe: kunja bwinobwino, tsiku lina mwangoterereka kubafa, fupa la m'chiuno lathyoka. Amayi amene munasiya kusamba, mafupa anu ndi ofewa kale, ndipo nyamakazi imagwira akazi kwambiri kuposa amuna. Chenjezoli ndi lanu makamaka.

Musaphatikize prednisolone ndi Brufen, Indocid kapena diclofenac mwa nzeru zanu zokha. Kuphatikiza kotere kumaboola zilonda m'mimba. Mukaona chimbudzi chakuda bii kapena mwasanza magazi, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.

Tsono mvetsetsani apa, chifukwa mantha angakuphetseni. Ngati mwamwa mankhwalawa kupitirira milungu 3, MUSASIYE lero lomwe. Pamwamba pa impso zanu pali tiziwalo tiwiri timene timapanga cortisol, yemwe amathandiza thupi kusunga BP ndi shuga pamlingo wake. Mukamamwa masiteroidi nthawi yaitali, tiziwaloti timaleka ntchito. Mukadula mwadzidzidzi, thupi limatsala lopanda cortisol: kufooka, kusanza, chizungulire, kukomoka, ngakhale imfa. Dokotala ndiye amachepetsa mlingo pang'onopang'ono mpaka tiziwaloti titayambiranso.

Samalaninso ndi ufa kapena makapisozi "achilengedwe" amene amachotsa ululu usiku umodzi. M'mayiko angapo, oyeza mankhwala apezamo dexamethasone wobisidwa. Chopanda dzina ndi mlingo pa paketi musachimeze, ndipo wogulitsa wotere mukamunene ku Pharmacy and Medicines Regulatory Authority.

Mankhwala oletsa nyamakazi kuwononga mfundo alipo: methotrexate, sulfasalazine, hydroxychloroquine. Amachedwa, ena amatenga milungu 6 mpaka 12 kuti mumve kusintha. Ndi pa nthawi yodikira imeneyi pamene dokotala amapereka prednisolone wochepa, kwa nthawi yochepa, akudziwa tsiku loyamba kumuchepetsa. Methotrexate amamwedwa kamodzi pa mlungu, osati tsiku lililonse, pamodzi ndi folic acid komanso kuyezetsa magazi, ndipo woyembekezera kapena wofuna kutenga pakati sayenera kumwa.

Sonkhanitsani mapiritsi onse amene muli nawo, a ku famase, a pamsika, a m'botolo lopanda dzina, mupite nawo kuchipatala mlungu uno. Nenani zoona: munayamba liti, mumamwa angati patsiku. Pemphani akuyezeni shuga, BP ndi maso. Ngati mukutsokomola kapena kutuluka thukuta usiku, akuyezeninso TB.